Tingadziwe bwanji kuti mlembi wa novelo ya mbiri yakale anafufuzadi?

Nangozo: Moni nonse. Mabuku a nkhani zopeka zochitika kalekale achuluka, ndipo pafupifupi lililonse pachikuto amalembapo kuti mwini wake anafufuza mozama. Nanga munthu angasiyanitse bwanji buku limene mlembi anakhaladi pansi n'kufufuza ndi lija longoveka anthu a lero zovala zamakedzana? Ndikufuna njira yoti munthu aigwiritse ntchito asanataye sabata yathunthu pa masamba 600.

Mbewe: Mayi Nangozo, buku lotere muziliyambira kumapeto. Alembi ambiri amaika tsamba limodzi kapena angapo ofotokoza mmene anagwirira ntchito. Pamenepo yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, kodi watchula anthu amene analikodi ndi amene wawapeka yekha? Chachiwiri, kodi waulula pamene wasuntha tsiku, kuphatikiza anthu awiri kukhala mmodzi, kapena kufupikitsa zaka zitatu kukhala miyezi? Chachitatu, kodi wanena pamene zolembedwa zakale zili chete, n'kuvomera kuti apo wangoganizira? Mlembi amene anganene kuti nkhondo yakutiyakuti waibweza m'mbuyo ndi chaka chimodzi, ndiye kuti chaka chenichenicho akuchidziwa. Amene sanafufuze sadziwa n'komwe chimene wasintha, n'chifukwa chake amangothokoza mkazi wake ndi mkonzi basi.

Chisale: Ndikugwirizana nanu a Mbewe, koma ndichenjezeko pa mndandanda wa mabuku umene ena amaika kumapeto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukopera mayina a mabuku 40 ndi ntchito ya mphindi khumi. Chofunika ndi mtundu wa zimene watchulazo. Ngati onse ndi mabuku a masiku ano ofotokoza mbiri mwachidule, mlembiyo anangowerenga zimene anzake anatafuna kale. Ngati muli makalata, madayale, zolemba za m'makhoti, mabuku a maakaunti a amalonda, nyuzipepala za nthawiyo, ameneyo anafika pachitsime.

Mwachitsanzo, wolemba za London wa m'zaka za m'ma 1660 sangalephere kugwiritsa ntchito dayale ya Samuel Pepys, imene inalembedwa kuyambira 1660 mpaka 1669 ndipo muli mliri wa 1665 ndi moto waukulu wa 1666. Wolemba za mbava ndi amphawi a mumzinda womwewo ali ndi milandu ya kukhoti la Old Bailey, ya 1674 mpaka 1913, yomwe ili pa intaneti ulere. Akapanda kutchula zoterezi, muyambe kukayika.

Naphiri: Njira yachangu kwambiri ndi kuona zimene anthu a m'bukumo akudya, akusuta ndiponso agwira m'manja. Mbatata ya kachewere, tomato, chimanga, chinangwa, tsabola wowawa, koko ndi fodya zonse zinachokera ku America, ndipo kunja kwa America kunalibe chaka cha 1492 chisanafike. Msilikali wa ku Roma akamadya tomato, kapena mlimi wa ku England wa mu 1300 akamakumba mbatata ya kachewere, litsekeni bukulo. Ndiye musaiwale kuti kufika kwa chinthu ndi kufala kwake n'zosiyana. Mbatata ya kachewere inafika ku Spain cha m'ma 1570, koma inadzakhala chakudya cha anthu wamba kumadera ambiri a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700. Mbali inayo n'chimodzimodzi: anthu a ku America analibe mahatchi mpaka pamene anthu a ku Spain anabwera nawo.

Zina zothandiza kukumbukira: magalasi a maso anayamba ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Makina osindikizira a Gutenberg ndi a m'ma 1450. Machesi okhwatcha anayamba cha mu 1826, ndiye munthu wa mu 1790 akayatsa kandulo ndi machesi, pali vuto. Asilikali apahatchi a nthawi ya Julius Caesar analibe zitsulo zija zopondapo mapazi. Ndipo zipewa zanyanga za ma Viking n'za m'zisudzo za m'zaka za m'ma 1800, kunkhondo sankavala.

Chisale: Zonsezo n'zoona mayi Naphiri, koma masiku ano mlembi waulesi amene amazipewa, chifukwa kufufuza chaka cha machesi pa foni ndi mphindi imodzi. Pamene amagwa n'poganiza. Amalemba mtsikana wa mu 1400 amene sakhulupirira zamizimu, amadana ndi ukapolo, amasamba m'manja poopa tizilombo, amakana ukwati wokonzedwa ndi makolo ndi mawu omwewo amene mungawamve pa wailesi lero. Anthu onse oipa a m'bukumo ndiwo okha amaganiza ngati a nthawi yawo.

Tengani za matenda. Ignaz Semmelweis anayamba kukakamiza madokotala kusamba m'manja ku Vienna mu 1847, ndipo anzake ambiri anamutsutsa. Joseph Lister anafalitsa njira yake yophera tizilombo pa opaleshoni mu 1867. Robert Koch anapeza kachilombo ka TB mu 1882. Ronald Ross anatsimikiza za udzudzu ndi malungo mu 1897. Zisanachitike izi, dokotala wanzeru ku Ulaya ankanena kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndipo ankachotsa wodwala magazi ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akumuthandiza. Buku lofufuzidwa bwino limalola dokotala wabwino kuchita cholakwikacho, wowerenga n'kumamukondabe. Kulemba motero n'kovuta, ndipo ndi pamene mungaonere mlembi amene anawerenga zolemba za nthawiyo mpaka zinamulowerera.

Nangozo: Koma a Chisale, anthu otsutsa zikhulupiriro za nthawi yawo analipo ndithu. Kodi tinene kuti mlembi asalembe za oterowo?

Chisale: Alembe, koma atsutse ndi zifukwa za nthawi yawo. Ambiri amene ankatsutsa ukapolo ku Britain m'ma 1780, monga a mpingo wa Quaker, ankayambira pa chikhulupiriro chawo kuti ndi tchimo pamaso pa Mulungu. Mkazi wa m'zaka za m'ma 1300 wofuna kuthawa ukwati ankalankhula za lumbiro kwa Mulungu kapena kulowa usisitere. Komanso kutsutsa kunali ndi mtengo wake. Ngati mtsikana wanyoza bishopu pagulu n'kubwerera kwawo kukagona bwinobwino, mlembiyo sakuidziwa nthawi imene akulemba.

Jere: Ine ndiwonjezere za mtunda ndi nthawi, chifukwa apa n'posavuta kuwerengera. Gulu lankhondo loyenda pansi ndi katundu linkayenda makilomita pafupifupi 15 mpaka 25 pa tsiku. Wokwera hatchi imodzi osasintha, 30 mpaka 50. Sitima ya matanga yochoka ku England kupita ku India mozungulira ku Cape inkatenga miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo ngalande ya Suez inatsegulidwa mu 1869. Ndiye tsegulani mapu, yezani mtunda pakati pa malo awiri a m'bukumo, mugawe ndi manambalawa. Munthu akachoka ku Paris m'mawa pa hatchi n'kukadya chamadzulo ku Marseille, mwapeza yankho.

Uthenga nawo unkayenda pa liwiro la munthu, hatchi kapena chombo. Pangano la ku Ghent lothetsa nkhondo ya pakati pa Britain ndi United States linasainidwa pa 24 December 1814, koma nkhondo ya ku New Orleans inamenyedwa pa 8 January 1815 uthenga usanawoloke nyanja. David Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ndipo anthu ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anatenga miyezi pafupifupi isanu ndi inayi kufikitsa thupi lake ku Bagamoyo. Mlembi wodziwa amagwiritsa ntchito kuchedwa kumeneku pomanga nkhani yake: anthu amasankha zochita potengera uthenga umene unatha ntchito kalekale. Wosadziwa amalemba ngati aliyense ali ndi foni m'thumba.

Mbewe: A Jere mwandikumbutsa za kalendala, imene imapusitsa ngakhale owerenga ofuna kugwira mlembi. Mayiko achikatolika monga Spain ndi Portugal anasintha kalendala mu 1582, pa 4 October kunacha kuli pa 15 October. Britain inadikira mpaka 1752, pamene pa 2 September panatsatira pa 14 September. Russia inasintha mu 1918, n'chifukwa chake kuukira boma kotchedwa kwa October kunachitika pa 7 November 1917 pa kalendala yathuyi. Kuwonjezera apo, ku England chaka chinkayamba pa 25 March mpaka nthawi ya kusinthako. Mfumu Charles I inaphedwa pa 30 January 1649 mmene timawerengera lero, koma zikalata za nthawiyo zimati 1648. Ndiye mukaona tsiku la m'novelo likusiyana ndi la m'buku la mbiri ndi masiku 10 kapena 11, kapena chaka chimodzi pa miyezi ya January mpaka March, musathamangire kunena kuti mlembi walakwa. Mwina ndiye wolondola kuposa inu.

Naphiri: Mayina a malo nawonso. Mzinda umodzi unali Saint Petersburg mpaka 1914, Petrograd mpaka 1924, kenako Leningrad mpaka 1991. Italy inakhala dziko limodzi mu 1861, Germany mu 1871. Ndalama ya ku Britain isanafike 1971 inali mapeni 12 pa shileni ndi mashileni 20 pa paundi, choncho munthu wa mu 1850 sangawerengere mapeni 100 pa paundi.

Kaliwo: Pepani akuluakulu, ndisokonezeko. Mukulankhula ngati novelo ndi mayeso a mbiri. Thomas Mofolo analemba m'Chisotho buku lotchedwa Chaka, lonena za Shaka mfumu ya Azulu, limene linatuluka mu 1925, ndipo anthu ofunika m'nkhaniyo monga sing'anga Isanusi ndi Noliwa anawapeka yekha. Malinga ndi miyeso yanuyi bukulo lalephera, chonsecho likuwerengedwabe patatha zaka pafupifupi 100. Patrick O'Brian, amene aliyense amamutama pa za sitima zankhondo za nthawi ya Napoleon, anavomera yekha kuti zaka zinamuthera ndipo anachita kutalikitsa nthawi ya m'ma 1812 kuti nkhani zake zikwanemo. Nanga amenewa tiwataye?

Mbewe: Ayi a Kaliwo, sitiwataya. Funso la mayi Nangozo silinali lakuti buku labwino ndi liti, koma lakuti lofufuzidwa bwino ndi liti. Izi ndi mbale ziwiri. Buku la Mofolo lija ndi lalikulu, lonena za mmene kufuna ulamuliro kumadyera munthu, koma amene akufuna kudziwa mmene ufumu wa Azulu unakulira mpaka Shaka kuphedwa ndi abale ake Dingane ndi Mhlangana mu 1828 asadalire limenelo. Za O'Brian mwatithandiza nokha: ananena poyera chimene anachita. Zingwe za sitima, chakudya cha amalinyero, maudindo, zilango, zonse anazitenga m'zolemba za nthawiyo, ndipo pamene anapinda kalendala anauza owerenga. Kupeka si mlandu. Mlandu ndi kupeka n'kumanamizira kuti ndi mbiri.

Kaliwo: Chabwino, pamenepo ndamva. Koma ndikanenabe kuti buku lodzaza ndi mayina a nsalu ndi mitundu ya mfuti likhoza kukhala lakufa.

Chisale: Apo tili limodzi. Ndipotu kuchulutsa tinthu n'chizindikiro cha kafukufuku wosapsa. Munthu wa nthawiyo sangaime pakhomo pake n'kuyamba kufotokoza mmene denga la nyumba yake linamangidwira, monga inu simufotokoza mmene loko wa chitseko chanu amagwirira ntchito. Mukapeza anthu awiri akuuzana zinthu zimene onse akuzidziwa kale, monga "mukudziwa kuti mfumu yathu inakwatira kachiwiri chaka chatha", dziwani kuti mlembi akukhuthula notsi zake. Wodziwadi amatchula chinthu pokhapokha chikathyoka, chikasowa kapena chikakwera mtengo, chifukwa ndi pamene munthu amachiona.

Nachuma: Nkhani ya Shaka ikutsegula vuto lina limene sitinalikhudze. Mlembi akhoza kufufuza mwakhama koma m'chitsime chakuda. Zambiri zoyamba kulembedwa za Shaka zinachokera kwa amalonda achizungu awiri, Nathaniel Isaacs ndi Henry Francis Fynn, amene anali ndi zifukwa zawo zomuonetsera ngati chilombo, ndipo akatswiri a mbiri akhala akukayikira zambiri mwa zimene analemba. Pali maumboni a pakamwa amene James Stuart anasonkhanitsa kwa anthu achikulire kuyambira m'ma 1890 mpaka m'ma 1920, omwe amapereka mawu a eni dziko, ngakhale nawonso ayenera kusefedwa popeza wofunsayo anali wa boma la atsamunda.

Ndiye pa buku lililonse lonena za anthu amene sanasiye zolemba zawo zambiri, kaya ndi akapolo a m'minda ya ku Caribbean, alimi a ku Ulaya wakale, akazi pafupifupi kulikonse, kapena maufumu a mu Africa, funsani kuti mlembi anamva kwa yani. Ngati gwero lake ndi malipoti a bwanamkubwa ndi makalata a amishonale okha, muona anthu akudziko akuoneka ngati khamu lopanda mayina. Wofufuza bwino amawonjezera mbiri ya pakamwa, zofukulidwa pansi, nyimbo ndi ndakatulo zotamanda mafumu, ndipo amadziwa malire a chilichonse. Jan Vansina analemba zambiri za mmene mbiri ya pakamwa ingayesedwere. Mukaona dzina lake kapena la akatswiri a m'dzikolo m'mawu akumapeto, n'chizindikiro chabwino.

Jere: Chitsanzo cha kukondera kwa mlembi wofufuza bwino ndi Wolf Hall ya Hilary Mantel, ya 2009. Masiku, maudindo, amene anali m'chipinda chiti tsiku liti, zonse anazisamala kwambiri. Ubwana wa Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII ya ku England, ku Putney sunalembedwe mokwanira, ndiye apo anali ndi malo opekera. Koma nkhani yonse ikuonedwa ndi maso a Cromwell, motero mdani wake Thomas More, amene anaphedwa mu 1535, akutuluka wouma mtima, ndipo akatswiri ena a mbiri anadandaula nazo. Sikuti mlembi ananama. Anasankha poima. Mankhwala ake ndi kuwerenga noveloyo pamodzi ndi buku limodzi la mbiri, monga la Diarmaid MacCulloch lonena za moyo wa Cromwell, la 2018. Simufunika kulimaliza lonse. Pitani kumlozera wa mayina kumapeto, sankhani chochitika chimodzi, mwachitsanzo kuphedwa kwa Thomas More mu July 1535, muwerenge masamba 15 amenewo, muyerekeze.

Nangozo: Zikomo nonse, za kuyesa buku lili m'manja zamveka. Nanga poyambira kulisaka n'pati?

Mbewe: Malo alipo angapo. Mphoto ya Walter Scott ya mabuku a mtunduwu inayamba mu 2010, ndipo lamulo lake n'lakuti nkhani ikhale yochitika zaka zosachepera 60 m'mbuyo. Nambalayo inachokera pa dzina lachiwiri la Waverley, buku la Scott la 1814, limene ambiri amaliona ngati chiyambi cha mtunduwu m'Chingelezi. Musangoona wopambana, onani mndandanda wonse wa ofika kumapeto chaka chilichonse. Bungwe la Historical Novel Society limaunika mabuku ambiri, ndipo muyeso wawo ndi zaka 50. Pa webusaiti yawo mukhoza kusaka potengera zaka za nkhaniyo. Komabe mphoto imayesa kalembedwe koposa kulondola, ndiye ikhale khomo lolowera chabe.

Njira yodalirika kwambiri ndi kuyambira kwa akatswiri. Lembani posakira dzina la bukulo pamodzi ndi mawu akuti historian kapena historical accuracy. Onani ngati aphunzitsi a mbiri a m'mayunivesite analiika pa mndandanda wa zowerenga za kalasi yawo, chifukwa salola ophunzira kuwerenga buku limene adzavutike kulikonza chaka chonse. JSTOR, webusaiti ya zolemba za akatswiri, imalola kuwerenga nkhani zingapo ulere mukalembetsa. WorldCat ikuuzani laibulale imene ili ndi bukulo.

Naphiri: Pa Goodreads kapena Amazon musawerenge ndemanga za nyenyezi zisanu, zimangoti "ndinalira". Za nyenyezi imodzi nthawi zambiri n'zaukali wopanda mfundo. Sankhani za ziwiri ndi zitatu, musake amene watchula cholakwika chenicheni ndi tsamba lake. Mmodzi akanena kuti mfuti yakutiyakuti inali isanapangidwe, n'kutheka kuti ndi wokonda kukangana. Anthu asanu akatchula zolakwika zisanu zosiyana, vuto ndi la buku.

Ndipo mawu apachikuto olembedwa ndi alembi anzake musawawerengere. Nthawi zambiri amapemphedwa ndi kampani yosindikiza.

Kaliwo: Nanga chilankhulo? Munthu wa mu 1200 sangalankhule Chingelezi cha lero, koma akalankhula cha nthawi yake palibe angamve.

Chisale: Palibe amene akufuna cha nthawi yake. Mlembi amakhala ngati womasulira. Chofunika n'chakuti asalowetse mawu onyamula chinthu chimene kunalibe. Munthu wa mu 1600 sanganene kuti maganizo ake akuthamanga ngati sitima ya pamtunda, kapena kuti adikire masekondi asanu pamene sanaonepo wotchi ya masekondi. Mawu akuti scientist anapangidwa ndi William Whewell m'ma 1830, ndipo OK anayamba kuoneka m'nyuzipepala ya ku Boston mu 1839. Dikishonale ya Oxford, ija yaikulu, imapereka chaka chimene mawu anayamba kulembedwa. Google Ngram imasonyeza mmene mawu ankagwiritsidwira ntchito m'mabuku chaka ndi chaka. Tengani mawu atatu okayikitsa m'mutu woyamba muwayese.

Mbali inayo, mlembi akamwaza thee ndi thou paliponse kuti zimveke zakale, nayenso sanafufuze. Mawu amenewo anali ndi malamulo ake. Thou ankauza mwana, wantchito, mnzake wapamtima kapena munthu amene akumunyoza, pamene you anali aulemu, monga mmene iwe ndi inu zimasiyanirana. Wantchito akauza mfumu kuti thou popanda chochitika, mlembiyo wasokoneza.

Nachuma: Pa Ngram ndiwonjezere chenjezo, a Chisale. Imawerenga mabuku osindikizidwa okha, ndipo mawu amayamba kuyankhulidwa m'misewu zaka zambiri asanalowe m'buku, makamaka otukwana ndi a anthu wamba. Komanso makina amene anawerenga mabuku akale ankasokoneza chilembo s chachitali cha m'zaka za m'ma 1700 n'kuchiyesa f, ndiye zotsatira za chaka cha 1800 chisanafike muzizitenga mosamala. Mawu akachedwa ndi zaka 10 kapena 20 mlekeni mlembiyo. Akachedwa ndi 200 ndiye mwamugwira.

Ngati bukulo ndi lomasuliridwa kuchokera ku chilankhulo china, yesani kaye kuona ngati cholakwikacho si cha womasulira. Pezani kumasulira kwachiwiri muyerekeze chiganizo chomwecho.

Jere: Mayi Nangozo, nthawi kapena dera limene mukufuna ndi liti? Mukatchula, tikhoza kukuuzani buku limodzi la mbiri loyesera manovelo ake, chifukwa chimene chimagwira wolemba za Roma sichimene chimagwira wolemba za nkhondo ya ku Ethiopia ya 1935.

Nangozo: Malonda a pa nyanja ya Indian Ocean, zaka za m'ma 1800, pakati pa Zanzibar, Oman ndi India.

Jere: Ndiye yambani ndi mphepo. Zombo zochokera ku Arabia ndi India zinkatsikira ku Zanzibar ndi mphepo ya kumpoto chakum'mawa, cha m'ma November mpaka March, n'kubwerera ndi ya kumwera chakumadzulo imene imayamba cha mu April. Wamalonda akaphonya nyengo ankakhala miyezi akudikira. Novelo imene chombo cha matanga chikupita ndi kubwera mwezi uliwonse mmene mwini wafunira, isiyeni pa mutu woyamba. Kenako onani ngati mlembi akudziwa kuti Seyyid Said, mfumu ya Oman, anasamutsira likulu lake ku Zanzibar kuchokera ku Muscat cha mu 1840, kuti anamwalira mu 1856 ndipo ufumu unagawanika pakati pa ana ake, ndiponso kuti msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873. Buku loyesera ndi la Abdul Sheriff lonena za akapolo, zonunkhiritsa ndi minyanga ku Zanzibar, la 1987.